Kodi mankhwala akumwedwadi? Mafunso ndi mayankho pa za mmene madokotala ndi odwala matenda a mgonagona amadziwira

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri pa mabenchi odikirira ku kiliniki ya ma ARV, ya shuga ndi BP, ya TB ndi ya khunyu. Ena amafunsa ndi odwala eni ake, ena ndi achibale owasamalira, amene m'zipatala amangotchedwa magadiyani. Zitsanzo zambiri zachokera ku chithandizo cha HIV, chifukwa kuno ku Malawi ndi kumene ntchito yolondoloza kamwedwe ka mankhwala inazika mizu kwambiri kuyambira mu 2004, chaka chimene zipatala za boma zinayamba kugawa ma ARV kwaulere.

Kodi akati munthu akumwa mankhwala mwandondomeko amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti akumwa mankhwala amene anamulembera, pa mlingo wake, pa nthawi yake, ndiponso osalekeza mpaka adokotala atanena. Munthu amene amamwa piritsi la BP tsiku lililonse koma amalibenthula pakati kuti botolo lichedwe kutha sakutsata ndondomeko, ngakhale kuti sanadumphitsepo tsiku. N'chimodzimodzinso amene anauzidwa kumwa metformin, mankhwala a shuga, m'mawa ndi madzulo, iye n'kumamwa mapiritsi onse pamodzi pokagona.

Mudzamvanso ena akuti kumwa mankhwala mokhulupirika. Mawuwa anazolowereka, koma ali ndi kachilema: amachititsa kuti amene wadumphitsa azidziona ngati wochimwa, ndipo wochimwa sathamangira kuulula. Zambiri zimene zimasokoneza miyeso yotchulidwa m'mayankho otsatirawa zimayambira pa manyazi amenewa.

N'chifukwa chiyani ulendo uliwonse amafunsa ngati ndikumwa mankhwala?

Chifukwa chochita cha adokotala chimadalira yankho lake. Tiyerekeze kuti mayi wina amalandira hydrochlorothiazide, koma BP yake ikadali pa 170/100. Ngati akumwadi, ndiye kuti mankhwalawo achepa mphamvu, ndipo adokotala awonjezera ena, mwina amlodipine. Ngati sakumwa, kuwonjezerako n'kungothira mapiritsi ena m'chikwama momwe muli kale osamwedwa. Choopsa chimabwera tsiku limene mayiyu wagonekedwa m'chipatala pa vuto lina: anamwino amawerenga m'buku la kuchipatala, n'kumupatsa mitundu yonse itatu imene inaunjikana pa mlingo wathunthu, BP n'kutsika mopitirira, iye n'kumva chizungulire kapena kugwa kumene podzuka pa bedi.

Vuto la kusamwa mankhwala si la anthu ochepa. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2003 linanena kuti m'mayiko olemera, odwala matenda a mgonagona amene amatsata malangizo a mankhwala awo ndi pafupifupi theka lokha. Ndipo si vuto la umphawi kapena la kusaphunzira, monga ena ankaganizira ma ARV asanafike kuno. Mu 2006 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wophatikiza zotsatira za malo ambiri, amene anapeza kuti odwala 77 pa 100 alionse a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ankamwa bwino ma ARV, pamene ku North America anali 55 pa 100 alionse.

Kodi dokotala wodziwa ntchito sangazindikire pongomuona wodwala?

Madokotala ambiri amakhulupirira kuti angathe, koma akayesedwa poyerekeza maganizo awo ndi miyeso yeniyeni, amapezeka kuti amaphonya kawirikawiri, ndipo kuphonya kwake kumapendekera mbali imodzi: amaganiza kuti odwala akumwa bwino kuposa mmene zilili. Wodwala waulemu, wovala bwino, wofika pa nthawi yake ndiponso wodziwa mayina a mankhwala ake amaoneka wodalirika. Agogo ofika mochedwa, buku lawo litanyowa ndi mvula, amakayikiridwa, chikhalirecho mwina ndi iwo amene sanaphonyepo piritsi chiyambire. N'chifukwa chake zipatala sizidalira diso la munthu mmodzi, koma zimaphatikiza zimene wodwala wanena, mapiritsi otsala, masiku obwerera ndi zotsatira za magazi.

Ine ndikupeza bwino m'thupi. Kodi umenewu si umboni wokwanira?

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa matenda ambiri mwini thupi ndiye woyamba kudziwa kuti zinthu zavuta. Koma matenda a mgonagona ambiri amadya munthu mwakachetechete. BP ikhoza kukhala yokwera zaka zambiri mutu osawawa, mpaka tsiku limene munthu wafa ziwalo mbali imodzi. Tizilombo ta HIV tikhoza kuchulukana m'magazi miyezi yambiri munthu akulima, akunenepa, akukwera njinga mtunda wautali. Wodwala TB amasiya kukhosomola pakangopita milungu yochepa chiyambire mankhwala, tizilombo tisanathe m'mapapo.

Pamenepa ndi pamene muyeso wa wodwala ndi wa dokotala umasiyana. Wodwala amayang'ana mmene wadzukira lero, pamene dokotala amayang'ana manambala amene amalosera za zaka zisanu zikubwerazi. Anthu ambiri a BP amamwa piritsi akamva mutu kuwawa kapena mtima kuthamanga, n'kusiya akapezako bwino, ndipo akafunsidwa amayankha ndi mtima wonse kuti amamwa. Sakunama. M'maganizo mwawo mankhwalawo ndi ofanana ndi panado, womwera ululu ukabwera, ndipo palibe amene anawafotokozera momveka kuti awa ndi a tsiku ndi tsiku. Palinso amene amaona kupeza bwino ngati chizindikiro cha kuchira, makamaka atapemphereredwa kapena atamwa mankhwala azitsamba, pamene kupeza bwinoko kwadza ndi mapiritsi omwe akufuna kusiyawo.

Kodi adokotala amakhulupirira yankho limene ndawapatsa?

Zimadalira yankho lake. Wodwala akanena kuti anadumphitsa, pafupifupi nthawi zonse amakhala akunena zoona, chifukwa palibe amene amadzinamizira mlandu. Akanena kuti sanadumphitsepo, yankholo limalandiridwa, koma limafuna umboni wina woliperekeza. Chifukwa chake si bodza lokha ayi. Munthu sakumbukira zimene anaiwala, ndipo kufunsa munthu za mapiritsi a miyezi itatu yapitayo kuli ngati kumufunsa ndiwo zimene anadya Lachiwiri la mwezi wathawu.

Kafunsidwe nako kamasintha yankho. Wachipatala amene wakhala kuseri kwa tebulo, maso ali pa khadi, panja pali mzere wa anthu 80, akafunsa kuti, "Mankhwala mukumwa bwinobwino eti, bambo?" wayankha kale yekha, ndipo wodwala waulemu amangovomera kuti, "Eya, adokotala." Wachipatala wina amayamba ndi kunena kuti anthu ambiri zimawavuta kumwa tsiku lililonse, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga inu amayi, pa masiku 7 apitawa, ndi masiku angati amene zinakuvutani?" Akamva kuti awiri, safulumira kudzudzula, koma amafunsa kuti anali masiku ati ndipo kunachitika zotani. Pamenepo ndi pamene pamatuluka nkhani yeniyeni: kunali maliro kumudzi ndipo anagona kusiwa masiku atatu, botolo litatsala kunyumba, kapena kunabwera apongozi ndipo panalibe pomwera osaonedwa, kapena ufa unatha ndipo anaopa kumwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu. Zifukwa zitatuzi zimafuna mayankho atatu osiyana, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chimatha ndi kukalipa.

Kunena mosabisa, pa nkhani iyi mbali yaikulu ya vuto ili kwa achipatala. Kiliniki imene wodwala amakalipiridwa pagulu chifukwa chodumphitsa imalandira mayankho okoma okhaokha, ndipo makadi ake amaoneka bwino kuposa odwala ake.

Nanga kuwerenga mapiritsi otsala kumayenda bwanji?

Masamu ake ndi osavuta. Tinene kuti pa ulendo wapitawo munatsala ndi mapiritsi 4, n'kulandira ena 90, onse pamodzi 94, ndipo mumamwa limodzi patsiku. Mwabwerera patatha masiku 88. Mukanamwa tsiku lililonse, mukanatsala ndi 6. Anamwino akhuthulira botolo pa kambale, awerenga asanuasanu, apeza 15. Ndiye kuti masiku 9 simunamwe, ndipo mwamwa 79 pa masiku 88, pafupifupi 90 pa 100. M'makiliniki amene ali ndi makompyuta, wachipatala amangolowetsa nambala ya otsalawo, makina n'kuwerengera okha.

Njirayi ndi yotsika mtengo, ndipo n'chifukwa chake amakuuzani kubwera ndi mabotolo onse, ngakhale opanda kanthu. Koma imaonetsa mapiritsi amene achoka m'botolo, osati amene alowa m'mimba. Odwala amene anadzudzulidwapo amaphunzira masamuwa msanga: m'mawa wa tsiku la kiliniki amawerenga okha, owonjezerawo n'kuwasiya m'kapu kunyumba kapena kuwaponya m'chimbudzi, n'kufika ndi nambala yoyenera ndendende. Ena amagawana ndi mwamuna kapena mkazi wawo amene akuopa kukalembetsa yekha, kotero kuti botolo limatha pa nthawi yake koma aliyense wamwa theka. Ena amasunga mapiritsi m'malo awiri, kunyumba ndi kuntchito, ndipo pobwera amatenga a malo amodzi.

Wachipatala wozolowera amadabwa ndi zinthu ziwiri: mapiritsi otsala ambiri, ndiponso mapiritsi ochepa kuposa oyembekezeka. Otsala akachepa, mwina munthu akumwa mopitiriza mlingo chifukwa sanamvetse malangizo, mwina akugawira wina, mwina ena anatayika. Ndipo nambala imene imakwana ndendende ulendo uliwonse kwa zaka, viral load (chiwerengero cha tizilombo ta HIV m'magazi) ili yokwera, imauza wachipatala kuti pali nkhani imene sinanenedwe.

Kodi kubwera pa tsiku limene anandilembera kumawerengedwanso?

Inde, ndipo ndi umboni wovuta kuupinda. Munthu amene analandira mankhwala a masiku 90 n'kubwerera patatha masiku 120, alibe otsala a m'mbuyo, sakanatha kumwa masiku onsewo, kaya anene zotani. Mbali inayo ndi yofooka: kubwera pa tsiku lake kumangosonyeza kuti mankhwala anali m'manja mwake.

Ku kiliniki ya ma ARV, amene wapitirira tsiku lake amaimbiridwa foni kapena kuyenderedwa kunyumba ngati anavomera zimenezo polembetsa, ndipo akasowa nthawi yaitali amalembedwa m'kaundula kuti wadifota. Koma si onse olembedwa choncho amene asiya mankhwala. Ambiri anangosamukira ku chipatala china osatenga kalata, ena n'kukalembetsa kumeneko ngati atsopano. Palinso amene ali ku Joni kapena m'minda ya fodya kutali, amene m'bale amawatengera mankhwala n'kuwatumizira pa basi. Khadi la munthu woteroyo limaoneka lokongola, koma wachipatala sanamuone chaka chathunthu ndipo magazi ake sanayezedwe. Amene akupita kutali ndi bwino anene poyera, kuti apatsidwe kalata yosamukira kapena mankhwala a miyezi yambiri, popeza masiku ano odwala okhazikika amatha kulandira a miyezi 6 nthawi imodzi.

Kodi viral load imasonyeza chiyani pa za kamwedwe ka ma ARV?

Viral load ndi chiwerengero cha tizilombo ta HIV mu mililita imodzi ya magazi. Amatenga magazi pa mtsempha, kapena amadontheza madontho a pachala pa kapepala kapadera n'kukaumitsa, kenako amatumiza ku labotale. Imayezedwa pakatha miyezi 6 chiyambire mankhwala, kenako chaka ndi chaka, ndipo kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa imayezedwa pafupipafupi. Munthu akamamwa bwino mankhwala amene akugwira ntchito, tizilombo timachepa mpaka makina osationa. Zikatero chitetezo cha m'thupi chimabwerera, ndipo amene chiwerengero chake chili pansi pa 200 sapatsira mnzake kachilomboka pogonana.

Chiwerengero chikapitirira 1,000, achipatala sathamangira kusintha mankhwala. Amayamba ndi uphungu wapadera wa miyezi itatu, wofufuza chimene chikulepheretsa kumwa, kenako amayezanso. Kuyezanso kumeneku ndiko kumalekanitsa zinthu ziwiri zimene poyamba zimaoneka zofanana. Ngati tizilombo tatsika, vuto linali kamwedwe, ndipo mankhwala omwewo apitirira. Ngati sitinatsike ngakhale munthu akumwa bwino, pamakhala chikayikiro chakuti tizilombo tapima, ndipo pangafunike kuyeza magazi mwapadera kuti aone mankhwala amene sitikuwamvanso. Kuyambira mu 2019 odwala ambiri kuno anasinthidwira ku piritsi lokhala ndi dolutegravir, limene m'makiliniki amalitcha 13A. Tizilombo sitipima msanga ku mankhwala amenewa, choncho viral load yokwera kwa munthu wa pa 13A nthawi zambiri imaloza ku mapiritsi osamwedwa.

Muyesowu nawo uli ndi malire. Dolutegravir amatsitsa tizilombo mofulumira, moti munthu amene anasiya miyezi iwiri n'kuyambiranso milungu ingapo tsiku loyeza lisanafike akhoza kutulutsa zotsatira zabwino. Viral load imanena za milungu yapitayi, osati za chaka chonse.

Viral load yanga yakwera, koma ine sindinadumphitsepo. Kodi akundiyesa wabodza?

Sayenera kutero asanafunse mafunso ena, chifukwa piritsi likhoza kumezedwa tsiku lililonse koma mankhwala osafika m'magazi mokwanira. Dolutegravir amagwirana m'mimba ndi ayironi, kashiyamu ndi mankhwala ena a chilungulira, ndipo akagwirana salowa bwino m'thupi. Mayi woyembekezera amene amamwa mapiritsi owonjezera magazi pa nthawi imodzi ndi ma ARV, m'mimba mulibe chakudya, akhoza kukumana ndi zimenezi, ndipo njira yothetsera vutoli n'kungosiyanitsa nthawi zomwera monga achipatala angamulangizire. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa dolutegravir msanga, n'chifukwa chake amene akumwa zonse ziwiri amapatsidwa piritsi lina la dolutegravir loti amwe patatha maola 12. Mankhwala a khunyu monga carbamazepine ndi phenobarbitone amachitanso chimodzimodzi. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali nako kumataya mankhwala, ndipo kwa mwana, mlingo umene unali wokwanira chaka chatha umachepa iye akamakula.

Choncho tengani chilichonse chimene mukumwa, chogula ku golosale, cha ku chipatala china ndi cha kwa asing'anga chomwe, mukachiike pa tebulo. Ngati zonsezi zafufuzidwa ndipo palibe chapezeka, njira yotsatira ndi ija yafotokozedwa m'yankho la pamwambapa.

Nanga kwa odwala BP ndi shuga amadziwa bwanji?

Kuno umboni ndi wofooka kuposa wa HIV, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezo. BP imayezedwa pa mphindi imodzi, ndipo mphindi imeneyo ikhoza kunamiza mbali zonse ziwiri. Amene wamwa mankhwala masiku atatu okha asanabwere akhoza kupezeka ndi BP yabwino, pansi pa 140/90, ngakhale kuti mwezi wonse sanamwe. Amene amamwa bwinobwino akhoza kupezeka nayo yokwera chifukwa wayenda pansi makilomita 8, wakwera chitunda, ndipo mtima uli m'mwamba poona wovala zoyera. N'chifukwa chake amayenera kukhala pansi mphindi zosachepera zisanu asanayezedwe, ndipo adokotala amayang'ana manambala a maulendo angapo m'buku, osati a lero okha. Nthawi zina thupi limapereka zizindikiro zina. Atenolol amachedwetsa kugunda kwa mtima, kotero amene akuti akumwa koma mtima ukugunda maulendo 100 pa mphindi amafunsidwanso mofatsa. Zodandaula nazo ndi umboni: amene akuti enalapril akumukhosomoletsa, kapena amlodipine akumutupitsa mapazi, nthawi zambiri ndi amene akumwadi, ndiponso ndi amene ali pafupi kusiya ngati sathandizidwa.

Pa shuga, kuyeza kwa pachala m'mawa musanadye kumanena za tsikulo ndi dzulo lake. Odwala amadziwa zimenezi, ndipo ena amasala nsima ndi tiyi wa shuga masiku awiri kiliniki isanafike. Muyeso wotchedwa HbA1c sunamizika motero, chifukwa umayeza shuga amene wamatirira ku maselo ofiira a magazi, amene amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Umapereka chithunzi cha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kwa akuluakulu ambiri cholinga chimakhala pansi pa 7 pa 100. Vuto n'lakuti supezeka m'zipatala zazing'ono zambiri, komanso kwa munthu wochepa magazi zotsatira zake zikhoza kusokonekera. Ndipo ngakhale HbA1c itakwera, siyinena yokha ngati chalakwika ndi mapiritsi osamwedwa, chakudya, insulin yoonongeka ndi kutentha, kapena matenda amene angokula.

N'chifukwa chiyani wodwala TB amamwa mankhwala wina akuonerera?

Chifukwa pa TB, kudumphitsa kwa munthu mmodzi kumagwera mudzi wonse. Chithandizo cha TB wamba ndi cha miyezi 6: miyezi iwiri ya mankhwala a mitundu inayi, kenako miyezi inayi ya mitundu iwiri. Amene amwa modukizadukiza akhoza kubala TB yosamva mankhwala, imene chithandizo chake n'chovuta ndiponso chodula, ndipo amaifalitsa kwa ena pokhosomola. Njira yoti wina aziona wodwala akumeza inakulitsidwa ndi dokotala Karel Styblo m'mayiko monga Tanzania ndi Malawi, WHO isanailimbikitse padziko lonse m'zaka za m'ma 1990. Woonerera akhoza kukhala wachipatala, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena gadiyani, ndipo amachonga pa khadi tsiku lililonse.

Khadilo ndi loona pokhapokha ngati wochongayo anaonadi. Gadiyani amene amachonga mabokosi a mwezi wonse usiku umodzi, mawa lake kuli kiliniki, wangokongoletsa pepala. Umboni wina ndi makhololo, amene amayezedwanso pakutha pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu n'chimodzi, ndiponso kulemera kwa thupi. Palinso kachizindikiro kamene wodwala amadzionera yekha: rifampicin amasintha mkodzo kukhala wofiirira kwa maola angapo. Zimenezi siziopsa, koma amene sanachenjezedwe amaganiza kuti akukodza magazi n'kusiya mankhwala.

Bwanji za khunyu, mphumu ndi matenda a maganizo?

Pa khunyu, muyeso waukulu ndi kuchuluka kwa maulendo amene munthu wagwa, ndipo banja limathandiza kwambiri likamalemba tsiku lililonse limene wagwa. Amene anakhala miyezi osagwa n'kuyambiranso mwadzidzidzi, funso loyamba ndi la mapiritsi. Kusiya phenobarbitone kamodzin'kamodzi n'koopsa, chifukwa kungabweretse kugwa kotsatizana kosalekeza kumene kumapha.

Pa mphumu, adokotala amayerekeza zopopera ziwiri. Ngati chotsegula chifuwa pa nthawi ya befu chikutha msangamsanga, pamene choteteza cha tsiku ndi tsiku chikadali chodzaza, nkhani yadziwika. Amapemphanso wodwala kupopera iwo akuona, chifukwa ambiri amapopera mokhulupirika koma mankhwala amathera pa lilime. Pa matenda a maganizo, nthendayo payokha ikhoza kuchititsa munthu kukana kuti akudwala, ndipo kwa ena jakisoni wa pamwezi amathetsa mkangano wonse, popeza tsiku limene wabayidwa limalembedwa.

Kodi kudumphitsa kangati ndiko kwayamba kuopsa?

Pa ma ARV nambala yodziwika ndi 95 pa 100. Kwa womwa piritsi limodzi patsiku, kuphonya tsiku limodzi pa mwezi kumamusiya pamwamba pa malirewo, koma masiku awiri amamutsitsira pa 93. Nambalayi inachokera ku kafukufuku wa mankhwala akale a cha m'ma 2000. A masiku ano amakhululuka kuposa pamenepo, koma palibe amene angakuuzeni malire enieni a thupi lanu, choncho cholinga sichinasinthe. Pa BP ndi matenda ena, ofufuza amakonda kugwiritsa ntchito 80 pa 100.

Nambala yokha siyinena zonse, chifukwa kagawidwe ka masiku ophonyawo n'kofunika. Masiku 9 omwazikana pa miyezi itatu ndi osiyana ndi masiku 9 otsatizana, amene amapatsa tizilombo mpata wochulukananso kapena kubweretsa khunyu. Mukakumbukira kuti mwaiwala ma ARV theka la nthawi yofika pa mlingo wotsatira lisanakwane, imwani pomwepo. Likapitirira, dikirani nthawi yanu ya masiku onse. Musaphatikize milingo iwiri pofuna kubweza, makamaka pa insulin ndi glibenclamide, amene angagwetse shuga mpaka munthu kukomoka.

Ine ndekha ndingadziwe bwanji kuti ndikumwa bwino?

Musadalire kukumbukira. Lembani pa botolo tsiku limene mwalitsegula: botolo la mapiritsi 30 lotsegulidwa pa 1 liyenera kutha pa 30, ndipo Lamlungu lililonse mukhoza kuwerenga otsala n'kuona ngati akugwirizana ndi kalendala. Chongani pa kalendala mutameza, osati musanameze. Alamu ya pa foni imathandiza, koma imazimitsidwa mosavuta munthu ali pa minibasi, n'kuiwalika. Chimene chimagwira kwambiri ndi kumangirira piritsi ku chinthu chimene simuchiphonya, monga kutsuka mkamwa m'mawa kapena nkhani za pa wailesi za madzulo. Ndipo popeza masiku ambiri ophonya amagwa pa maulendo adzidzidzi, mapiritsi a masiku atatu okulungidwa bwino m'chikwama chimene mumayenda nacho amateteza kuposa malonjezo.

Ngati zimene mwapeza sizikukondweretsani, pitani nazo momwemo. Nambala yoipa koma yoona imathandiza adokotala kusankha bwino, monga tafotokozera pa funso lachiwiri.

Kodi gadiyani kapena kholo lingatsimikize bwanji popanda kukhala ngati wapolisi?

Kwa mwana wamng'ono, wamkulu mmodzi wodziwika ndiye akhale mwini ntchitoyo, chifukwa pakhomo pamene aliyense amapatsa, tsiku lina aliyense amaganiza kuti mnzake wapereka kale. Achinyamata ndi amene amavuta kwambiri kuwayeza. Mwana wa zaka 15 amene ali ku sukulu yogonera komweko akhoza kubisa botolo pansi pa sutikesi osalitsegula teremu yonse poopa anzake, ndipo amene sanauzidwe chifukwa chimene amamwera mankhwala amafika posiya, poti sakuona chimene akudwala. Magulu a Teen Club, amene bungwe la Baylor linayambitsa kuno, anakhazikitsidwa pofuna kuti achinyamata otere azikumana ndi anzawo a vuto lomwelo. Kwa wodwala wamkulu, kukhala naye pa nthawi yomwera, mwina ndi kapu ya madzi m'manja, kumabala zambiri kuposa kumufunsa madzulo kuti, "Mwamwa kodi?"

Kodi kulibe makina otha kunena zoona zenizeni?

Alipo, koma ambiri amagwira ntchito m'kafukufuku. Pali zivindikiro za mabotolo zimene zimalemba tsiku ndi ola limene botolo latsegulidwa. Pali kuyeza mkodzo kofufuza tenofovir, mmodzi mwa ma ARV, kumene kumasonyeza ngati munthu wamwa m'masiku ochepa apitawa, ndiponso kuyeza tsitsi kapena magazi ouma, kumene kumapereka chithunzi cha milungu yambiri. Mu 2017 dziko la United States linavomereza piritsi la matenda a maganizo lotchedwa Abilify MyCite, lokhala ndi kachipangizo kamene kamatumiza uthenga likafika m'mimba, ndipo linadzutsa mkangano pa za ufulu wa wodwala wosunga chinsinsi. Chilichonse mwa izi chili ndi pothawira pake: botolo likhoza kutsegulidwa piritsi osamezedwa, ndipo mkodzo umaoneka bwino kwa amene wamwa dzulo lokha. Choposa apo, makina amanena kuti munthu sanamwe, koma sanena chifukwa chake.

Nanga ngati mankhwala anasowa kuchipatala, kapena ndinalephera kugula, ndilembedwa kuti sindimwa?

Zikhoza kutero ngati simunena. Mankhwala a BP, shuga ndi khunyu amasowa nthawi zina m'zipatala, wodwala n'kuuzidwa kuti akagule ku famase, ndipo amene alibe ndalama amabwerera kunyumba chimanjamanja kapena amagula a masiku 10 n'kuwatambasula mwezi wonse. Pa ulendo wotsatira akhoza kukumana ndi wachipatala wina amene akungoona m'buku kuti mankhwala analembedwa, osadziwa kuti sanaperekedwe, ndipo BP yokwerayo aitenga ngati kulephera kwa mankhwala kapena kusamvera kwa wodwala.

Pemphani kuti pa zenera lolandirira mankhwala alembe m'buku lanu chimene chaperekedwa ndi chimene chasowa. Ngati munagula nokha, sungani paketi yake, ndipo nenani kuchuluka kwa mapiritsi amene munakwanitsa ndi masiku amene munakhala opanda. Funsaninso ngati pali mtundu wina umene ulipo wogwira ntchito yofanana, chifukwa pa BP nthawi zambiri umakhalapo. Kwa wa khunyu kapena wa insulin, musadikire kuti botolo lithe: pitani kukadali mankhwala a mlungu umodzi, kuti ngati asowa pakhale masiku ofunafuna ku chipatala china.